Mabuleki Atatu pa Msewu wa ku Dambe

Chaka chimenecho mvula inachedwa kuyamba, koma itayamba sinafune kumva za munthu. Ine ndinkakhala ku Kawale, ntchito yanga inali yopikula mbatatesi ndi kabichi ku Lizulu kudzaperekera amayi a m'misika ya m'tauni. Ndinali ndi pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi. Matumba anali ataitopetsa. Masipuling'i ake, aja a zitsulo zosanjikiza, anali atawongoka moti ngakhale ili yopanda kanthu inkaoneka ngati yasenza.

Akazi anga, amake Tadala, anapita kwawo ku Dambe, kumapiri a ku Neno, kumaliro a mayi awo aang'ono. Anali oyembekezera, miyezi itapita ndithu. Tadala anabadwa pa opaleshoni, ndipo kusikelo anali atawauza mobwerezabwereza kuti wachiwiriyu asadzayerekeze kuchirira kumudzi. Tinagwirizana kuti maliro akangotha abwerere. Maliro anatha, mvula n'kutseka msewu. Mbali ya kumunsi, yolowera ku boma la Neno, mtsinje unali utadya mlatho, choncho njira inatsala imodzi, ya ku Tsangano.

Ulendo woyamba ndinapita ndekha. Nditapitirira Tsangano ndinapeza malole a mbatatesi atakumba ngalande ziwiri zakuya m'matope, pakati n'kusiya mtumbira wautali. Matayala anga analowa m'ngalandemo, mimba ya galimoto n'kukhala padothi. Onse anayi ankangozungulira osagwira kanthu. Anthu a mudzi wapafupi anandifukula ndi makasu, ndipo ndinatuluka ekizozi itathothoka, thanki ya mafuta itapindika pansi. Ndinabwerera ku Lilongwe ekizozi ili kumbuyo ngati katundu.

Kumudziko foni inali ndi munthu mmodzi, naye ankachita kukwera kaphiri kuti apeze netiweki. Anandiflasha, ine n'kuimba. Mawu a amake Tadala ankaduka ndi mphepo.

"Miyendo yatupa. Koma musadandaule, ndikuyenda."

"Ndikubweranso."

"Mubwere ndi galimoto yofika, abambo a Tadala. Osati yoti tidzagone nayo m'matope."

M'mawa mwake ndinapita ku Biwi, kumagalaja, pamodzi ndi alamu anga a Fedisoni, achimwene awo a amake Tadala. Iwo ankakhala ku Mgona n'kumagwira ntchito ya ulonda ku Kanengo. Anali munthu wachangu pakamwa, wachangunso pamtima. Makaniko woyamba amene tinamufunsa zokweza galimoto sanagwade n'komwe kuti aone pansi.

"Zophweka izi, bwana. Tiika mabuloko a chitsulo pakati pa masipuling'i ndi ekisulo, chitsulo chogwira matayalacho, kutsogolo ndi kumbuyo. Dzuwa lisanalowe galimoto ikhala ili m'mwamba."

"Basitu, alamu," anatero a Fedisoni. "Mawa tikhale tili pamsewu."

Ndinati tiyambe tamva Che Twaibu, bambo wa ku Namwera amene ankandikonzera galimoto kuyambira kale, komanso tinkakhala nawo dera limodzi ku Kawale. Iwo anayala saka, nalowa pansi, nakhalitsako. Potuluka anapukuta manja asanayankhule.

"Mabuloko kumbuyo mwina ndingakuikireni. Kutsogolo ayi. Kutsogolo n'kumene kuli chiwongolero. Mukaponda buleki mwamphamvu pamtsetse, bulokolo n'kusuntha, ekisulo ilowera kwake, inu kwanu. Mukukanyamula ndani?"

"Mayi woyembekezera."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Njira yawo inali yaitali. Kumasula masipuling'i onse anayi, kuwasula ndi nyundo kuti apindikenso, kuwonjezera chitsulo chimodzi pa lililonse, kuika mashoko aatali ochepetsa mabampu ndi mabawuti atsopano omangira ekisulo. Kenako matayala okulirapo, chifukwa difu, chibumi chija chili pakati pa ekisulo, sichikwera ndi masipuling'i. Chimakwera ndi matayala okha.

"Zitha liti zimenezi?" anafunsa a Fedisoni.

"Zidalira kuti zitsulozo tizipeza liti."

"Mlongo wanga ali kuphiri miyendo itatupa, inu mukukamba zosula zitsulo? Alamu, munthu akakhala wa magazi ena zimaoneka chonchi eti?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinaima pakati pa magalaja awiriwo, wina akundikodola ndi dzanja, wina akungopukuta sipanala osandiyang'ana. Ndinali nditabwerera kale kamodzi chimanjamanja. Kubwerera kachiwiri, kapena kugubuduka nawo amake Tadala ali m'kati, sindikanatha. Ndinapereka makiyi kwa Che Twaibu. A Fedisoni anatuluka pageti osatsanzika.

Masiku otsatirawo ndinali munthu wa m'maminibasi. Zitsulo zowonjezera ndinakazipeza pabwalo la magalimoto akufa kufupi ndi Area 25, pagalimoto yangozi imene udzu unali utamera m'kati. Pomasula tinasokoneza mavu, limodzi linandiluma pakhosi. Mashoko ndinakawagula ku Old Town, ndinabwera nawo nditawafungatira pamiyendo kondakitala akudandaula kuti ndikudetsa anthu, koma titayeza anali aafupi, ndinabwereranso kukasinthitsa. Matayala ogwirako kale ntchito ndinawapeza ku Chinsapo. Tsiku limene zonse zinakwanira magetsi anazima, makina odulira zitsulo n'kukhala chete. Tinakhala pabenchi kuyang'ana babu. Atayaka linali Lachisanu masana, Che Twaibu anasamba m'manja, navala chipewa chawo, ulendo ku mzikiti. Ndinatsala ndekha ndi galimoto yokhala pazitsa, yopanda matayala, ndikuthamangira kutulutsa foni nthawi iliyonse ikalira m'thumba.

A Fedisoni ankabwera madzulo popita kuntchito. Ankaima pageti, kuyang'ana galimotoyo, kundiyang'ana ine, n'kumapita.

Pomaliza inatera pansi ndi matayala ake. Inali itasintha, chitseko chinkandifika pamwamba kuposa kale. Koma nkhope ya Che Twaibu sinali yomasuka.

"Pali chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Thupi likakwera, mapaipi a labala a mabuleki amafunika aatali, chifukwa tayala likagwera m'dzenje paipi imakokeka. Yakumbuyo ndapeza yaitali. Zakutsogolo ziwirizi tafunsa Biwi yonse, Old Town yonse, palibe. Akuti mwina ku Blantyre."

"Ku Blantyre nthawi palibe."

"Ndikudziwa. Ndapinda tizitsulo tozigwira kuti zitsikeko."

Anaika jeke, nakweza galimoto mpaka tayala lakutsogolo linalendewera, n'kundiitana kuti ndione ndi maso anga. Paipiyo inali itawongoka. Sinali yokokeka, koma mpata unali wochepa, wongolowa chala.

"Ikukwana, koma musaidumphitse. M'zigwembe muzilowa ngati nkhalamba ikutsika masitepe."

Anandipatsa botolo la mafuta a mabuleki, waya ndi pulayasi yokhoma, nandiuza kuti ndikafika ku Dedza ndikamangitsenso mabawuti onse, popeza zitsulo zatsopano zimakhazikika zikayenda.

Tinanyamuka m'mamawa. Ndinapeza a Fedisoni ataima kale pamsewu wa ku Kawale ndi chikwama, atapempha mnzawo kuti awalonderere. Anakwera osapereka moni wautali. Galimoto inali yachilendo m'manja mwanga. Ndinkaona madenga a maminibasi, ndipo pakona ya ku Nathenje inapendekeka mpaka alamu anagwira chitseko. Ndinachepetsa liwiro. Kaseti sitinaike. Pa Linthipe tinatsatira lole ya feteleza imene inkakwera phiri ngati ikupempha, yosapitirika. Ku Dedza ndinayala saka m'mbali mwa msewu, ndinapeza mabawuti atalekeradi, ena ankatembenuka osalimbana nawo. A Fedisoni anandigwirira sipanala.

Ku Lizulu ogulitsa mbatatesi anazungulira galimoto.

"Aise, mwaidyetsa chiyani imeneyi?"

"Lero matumba angati, bwana?"

Ndinati lero palibe, ndinangogula mafuta a m'zigubu owonjezera. Pamphambano ya ku Tsangano, pamene phula limathera, panali gulu la anthu osowa chokwera. Tinatenga amayi awiri ndi matumba awo a feteleza, popeza kulemera kumbuyo kumathandiza matayala kugwira. Mmodzi anati wagona pakhonde la golosale kuyambira pamene matola anasiya kulowa.

Kupitirira Tsangano tinapeza lole itatitimira chopingasa msewu. Kumanja munda wa chimanga, kumanzere khoma la dothi. Panalibe podutsa. Anyamata a lole anali kutsitsa matumba amodziamodzi kuti ipepuke, mwini wake akukalipa, mvula ikuwaza. Tinathandiza kukankha, matope mpaka m'mawondo. Lole inkalira, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwepo. Dzuwa linapendeka tili pamenepo. Mayi wina wa m'mudzimo anabwera ndi chimanga chootcha, ndinagula koma sindinachidye. Kenaka kunabwera ng'ombe zinayi za ngolo, anazimanga kutsogolo, anthu tonse kumbuyo, lole n'kutuluka ikulavula matope.

Sipanapite mtunda, tinafika pamalo paja galimoto inakhalira mimba padothi. Ndinawazindikira ndi mtengo wa bulugamu wopsa ndi mphezi. Ndinaima, ndinatsika, ndinakhoma matayala akutsogolo kuti onse anayi azikoka, n'kuika giya yaing'ono. Tinalowa m'ngalande zija. Ndinkamva difu ikukhula pamwamba pa mtumbira, khwee, khwee, galimoto ikunjenjemera, koma matayala anali akugwira. Ndinkayembekeza kuti tsopano tiima, tsopano tiima. Sitinaime. Titatulukira pouma amayi aja kumbuyo anaimba nthungululu. A Fedisoni anapuma mpweya wautali, namenya bondo langa kamodzi.

Kumudzi tinafika dzuwa likulowa. Amake Tadala anatuluka atagwira msana, nkhope itatupa moti ndinachita kuwayang'ana kawiri. Tinagona komweko.

Kunacha ndi nkhungu, ndipo usikuwo mvula inali itagwanso. Kuti amake Tadala akwere panafunika mpando wa ndalema ndi anthu awiri owagwira. Anakhala pakati, apongozi anga aakazi kuchitseko, a Fedisoni kumbuyo ndi katundu. Apongoziwo, chikwatirire ine mwana wawo, anali asanandiyankhulepo maso ndi maso. Tikakumana panjira ankapatuka, mawu ankadzera mwa munthu wina. M'galimotomo anadzifunda chitenje kumutu, nkhope n'kulozetsa pawindo.

Tinayenda bwino mpaka pamwamba pa mtsetse wautali. Pamenepo madzi a usiku anali atadula msewu, chigwembe chatsopano chimene dzulo lake kunalibe. Ndinatsika kukachiona. Tinaponyamo miyala ndi nthambi, ndipo ndinalowa chopingasa, pang'onopang'ono, monga anandiuzira Che Twaibu. Tayala lakumanja linadutsa. Lakumanzere litafika pamiyala, dothi la m'mbali linagumuka, tayala n'kugwera pansi mpaka kulendewera. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, thwa, ngati chingwe cha nsapato. Ndinapereka moto, galimoto inadzikoka n'kutuluka, mphuno italoza kumtsetse.

Ndinaponda buleki. Phazi linapita mpaka pansi.

Ndinapondanso, kawiri, katatu. Kumbuyo kokha n'kumene kunkagwira, mofooka, matayala akutsetsereka pamatope. Kumanja kunali phompho, nkhungu itadzaza moti pansi sipankaoneka. Ndinakoka handibuleki, galimoto inagwedeza matako, ndinakhotetsera kumanzere n'kuikhomera kukhoma la dothi. Galasi la m'mbali linathyoka. Tinaima.

Amake Tadala anali atagwira dashibodi ndi manja onse, maso atatseka, milomo ataluma. Ndinaganiza kuti ndi mantha. Apongozi anachotsa chitenje kumutu, nanditembenukira, n'kundiyang'ana m'maso.

"Apongozi, matenda ayamba. Ayamba kusanache, amabisa. Chitani zimene mungathe."

Ndinatsika n'kusuzumira pansi pa galimoto. Paipi yakumanzere inali itang'ambika pafupi ndi tayala, mafuta akudontha pamatope. A Fedisoni anali atalumpha kale, akuika mwala kutsogolo kwa tayala.

"Zikonzeka?"

"Sindikudziwa."

"Alamu, zikonzeka?"

"Gwirani apa."

Ndinapinda paipiyo pamwamba pa pong'ambikapo, ndinaimanga ndi waya, n'kuikhoma ndi pulayasi, pulayasiyo n'kuimangiriranso kuchitsulo kuti isagwe. Tayala limenelo linali lopanda buleki tsopano, koma mafuta akanatha kupita kwa atatu otsalawo. Ndinathira mafuta a m'botolo. M'mapaipi munali mutalowa mpweya, unafunika kuutulutsa. A Fedisoni anakhala pampando wanga, pambali pa mlongo wawo, ine n'kugona pamatope pansi pa tayala lakumanja.

"Pondani! Pondaninso! Gwirani pomwepo!"

Ndinkamasula kanati, mafuta n'kutuluka ndi thovu, kutsikira m'manja mpaka m'zigongono. Pakati pa kufuula kwanga ndinkamva amake Tadala akubuula chapansipansi, apongozi akuwauza kuti apume. Botolo linatsala pang'ono kutha pamene alamu anakuwa kuti phazi layamba kulimba.

Tinayamba kutsika pa giya yoyamba. Buleki inalipo, koma ndikangoiponda galimoto inkakokera kumanja, kumene kunali tayala logwira, ndipo kumanjako n'kumene kunali phompho. Ndinkaponda pang'ono, chiwongolero nditachikokera kumanzere ndi mphamvu zonse za m'mapewa, n'kusiya, n'kupondanso. A Fedisoni sanakwere. Ananyamula mwala waukulu pachifuwa n'kumayenda m'mbali mwa tayala lakutsogolo, mbali ya kuphomphoyo, kuti galimoto ikathawa aponye mwalawo pansi pake. Nsapato imodzi inawatsalira m'matope, sanaibwerere. Pamakona ankandikuwira kuti kwatsala mpata wotani, popeza ine m'mphepete sindinkamuona.

"Kumanzere! Kumanzerebe! Basi, bwerani!"

Mtsetse umenewo ndaudutsapo kambiri, ndi waufupi ndithu. Tsiku limenelo sunkatha. Titafika pansi alamu anataya mwala, manja awo akutuluka magazi, nakwera kumbuyo. Patsogolo panalinso mitsetse ina iwiri yaing'ono, ndipo paliponse ankatsika n'kutola mwala wina.

Ngalande za malole zija tinazidutsa osaima. Bampu iliyonse amake Tadala ankandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ndinkafuna kuthamanga, ndinkaopa kuthamanga. Ku Tsangano anthu anatibayitsa kuti tiwatenge, ndinangoimba huta. Titaona phula kutsogolo, amake Tadala anayankhula koyamba chichokere paphiri paja.

"Ku Lilongwe sindikafika."

Lilongwe inali kumanzere, kutali. Ntcheu inali kumanja, pafupi. Ndinakhotera kumanja.

Pachipatala cha pa boma anamwino anabwera ndi kabedi ka matayala. Anafunsa mafunso awiri okha, atamva za opaleshoni yoyamba ija anayamba kuthamanga. Chitseko chinatsekeka apongozi ali m'kati, ife kunja. Tinakhala pakhonde la simenti, ine ndi a Fedisoni, matope akuuma pathupi n'kumasweka. Anthu odutsa ankatiyang'ana, makamaka alamu ndi nsapato yawo imodzi. Nthawi ina alamuwo anadzuka, anakagula mabanzi awiri, anandipatsa limodzi, tonse n'kungowagwira m'manja. Chitseko chikatseguka tinkaimirira, n'kukhalanso pansi.

Dzuwa litapendeka anatuluka namwino wachikulire, wamagalasi.

"Amuna awo a mayi a ku Dambe ndi ati?"

Ndinaimirira.

"Achira. Mayi ali bwino, mwana ali bwino. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Bwerani mumuone, koma mwachangu."

Ndinamutsatira m'kanjira konunkha mankhwala. Pakhomo la chipinda anaima, nayang'ana manja anga, akuda, onyezimira ndi mafuta a mabuleki mpaka m'zigongono.

"Manja amenewo ayi, bambo. Mpope uli apo."

Ndinasamba ndi sopo wawo, ndinakhula, ndinasambanso. Namwino ananunkhiza, napukusa mutu. Choncho ndinalowa manja ndili nawo kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Apongozi anali atakhala pafupi ndi bedi, kamwana kali pamiyendo pawo m'chitenje chija anadzifunda m'galimoto. Amake Tadala anatsegula maso pang'ono, mankhwala asanawathere.

"Ndi wamkazi," anatero, n'kugonanso.

Ndinagwada pansi kuti ndimuone bwino. Apongozi anafunyulula chitenje pankhope pake, namusendeza pafupi nane, namugwirira pomwepo mpaka namwino anabwera kudzanditulutsa.